Maliro a Munthu wa Golide

Bokosilo linafika Lolemba m'mawa. Linali lalitali ngati munthu wogona, lotakata kumapewa, lopapatiza kumiyendo, ndipo aliyense amene anakhalapo pamaliro sakanafunsa kuti bokosi loterolo amaikamo chiyani. Taibu, mwana wa ku Ntaja, maliro anali atawaona ambiri. Analilandira pageti ndi manja awiri mwaulemu, koma mtima unali m'mwamba.

Taibu anali dalaivala wa bwana Yerlan, munthu wa ku Kazakhstan wochita malonda a tirigu, amene ankakhala m'nyumba yosanja ku Silicon Oasis mumzinda wa Dubai. Bwanawa anali abwino mtima koma aphuma, ndipo dziko lawo ankalikonda mopitirira muyeso. Ukayamikira tiyi, ankakuuza kuti tiyi weniweni ali kwawo. Ukati lero kwazizira, ankaseka n'kukuuza kuti iwe kuzizira sukudziwa. Disembala wa chaka chimenecho, 2021, dziko lawo linkakwanitsa zaka makumi atatu lili pa ufulu, ndipo iwo anali ataitana anthu akwawo okhala mu Dubai kuti adzasangalale pabwalo la nyumba yawo, aliyense atavala masiki monga ankafunira malamulo a mliri.

Chikondwererochi Taibu ankachiyembekezera kuposa alendo onse, ngakhale nyimbo ya fuko lawolo sankaidziwa. Bambo ake anali atamwalira mu Januwale, kolona itavuta ku Malawi. Ndege zinkangotsekedwa ndi kutsegulidwa, ndipo amene wachoka sankadziwa ngati adzaloledwa kubwerera, choncho Taibu sanapite. Maliro anawaonera pafoni, atakhala m'galimoto panja pa ofesi ya bwana. Netiweki ya ku Ntaja inapirira mpaka kumanda, koma panthawi yotsitsa thupi chithunzi chinangoima nji pa phazi la amalume ake. Taibu anayang'ana phazilo kwa nthawi yaitali, kenako bwana anatuluka, iye n'kuliza galimoto. Sanalire tsikulo, ndipo sanalirenso chaka chonse. Bwana Yerlan anali atamulonjeza chinthu chimodzi: chikondwerero chikadutsa bwino, adzam'patsa tikiti ndi tchuthi cha mwezi wathunthu kuti akaone manda a bambo ake.

Tsono kutatsala masabata awiri, bwana ndi akazi awo, mayi Aigul, anapezeka nayo kolona. Anadzitsekera m'zipinda zapamwamba, bwana chawo, mayi chawo, zonse ziwiri mawindo ake oyang'ana kumunda wa maluwa kuseri kwa nyumba. Ndiye chifukwa chake ntchito yotsegula bokosi inagwera Taibu ndi Kapambwe, mkulu wa ku Lusaka wosamalira maluwa, amene ankabwera m'mawa uliwonse pabasi kuchokera ku Satwa.

Analinyamulira pakhonde lakuseri. Bwana anatsegula windo n'kusuzumira, atafunda bulangete, maso ali ofiira koma nkhope ili mwee.

"Yalla, tsegulani! Pang'onopang'ono, musakande chilichonse!"

Atachotsa chivundikiro, Kapambwe analiza likhweru. M'bokosimo munagona munthu. Anavala jekete lofiira lodzaza ndi tizidutswa tonyezimira kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno, nsapato zazitali, lupanga pambali, ndipo pamutu chipewa chosongoka chotalika pafupifupi mkono, chokongoletsedwa ndi timahatchi tamapiko, akambuku, mbalame ndi mivi. Nkhope yake inali yosalala, yopanda maso, yopanda pakamwa.

"Ameneyo ndiye Munthu wa Golide!" anafuula bwana m'Chingerezi chawo chothamanga, akutsokomola pakati pa mawu. "Kwathu kuli chidikha cha udzu wokhawokha, umayenda tsiku lonse osaona mtengo. Makolo athu akamaika mafumu awo ankaunjika dothi pamandapo mpaka kukhala kaphiri. Ameneyu anagona m'kaphiri kotero zaka zoposa zikwi ziwiri, mpaka akatswiri athu anamufukula. Lero ali pazipilala, ali pamasitampa, mwana aliyense wa sukulu amamudziwa. Ndiye nkhope ya dziko lathu!"

Taibu anabwerera m'mbuyo pang'ono. "Anamutani, bwana?"

"Anamufukula!" anatero bwana monyadira, akusonyeza ndi manja mmene fosholo imalowera m'dothi.

"Dzina lake ndani?"

"Palibe akudziwa."

"Nanga abale ake anavomera?"

"Abale ake ndi ife tonse, dziko lonse! Muimikeni pakhondepo, mum'funditse nsalu asalowe fumbi. Taibu, ndakusiyira iwe. Tsiku la chikondwerero ndim'peze akuwala."

Windo linatsekeka. Pali chinthu chimodzi chimene bwana sananene, poti kwawo ngakhale mwana amachidziwa: zovala zenizeni za Munthu wa Golide siziyenda m'bokosi kupita kunyumba ya wogulitsa tirigu. Zimasungidwa kwawo komweko, zitseko zili zokhoma. Ichi chinali chidole cha pulasitiki chovekedwa mkuwa, chopangidwa ndi amisiri mofanizira. Koma Taibu sanakulire kwawoko. Iye anakulira ku Ntaja, kumene munthu wofukula manda ali ndi dzina limodzi lokha, ndipo zimene wafukulazo saziika pasitampa.

Tisamunamizire, Taibu anali Msilamu wokhulupirika. Swala sankaphonya, ndipo ukamufunsa za mizimu ankakuuza kuti zimenezo ndi za anthu osapemphera. Koma kusakhulupirira mizimu n'kwina, kugona pafupi ndi munthu wofukulidwa n'kwinanso, ndipo kachipinda kake kanali moyang'anizana ndi khondelo. Anasamba m'manja ndi sopo, n'kupakanso sanitaiza mpaka m'zigongono. Kapambwe ankangomuseka.

Madzulo ake chifuwa cha bwana chinakula, moti chinkamveka mpaka kugeti. Kutacha, pampu ya madzi inafa. Mphaka wa mayi Aigul, amene moyo wake wonse ankagona pakhondepo, anasamukira pansi pa galimoto n'kukana kutuluka. Lachitatu batire ya galimoto inakana kudzuka, ndipo bwana atatsegula windo kuti afunse za pampu, pakamwa panangotuluka mpweya. Mawu anali atapita. Munthu amene ankatha kulankhula za dziko lake kuchokera ku Silicon Oasis mpaka ku Sharjah osapuma, lero ankangoyasama.

Taibu anam'peza Kapambwe akudulira maluwa.

"Achimwene, mwaona zimene zikuchitika pakhomo pano?"

"Naona. Pampu ni yakale, batire ni yakale, ba bosi ali na korona. Manje vuto ili pati?"

"Nanga mphaka?"

Kapambwe anaima kaye. Anasuzumira pansi pa galimoto pamene panabisala mphakayo.

"Munthu uja wakwiya," anatero Taibu motsitsa mawu. "Taganizani inuyo. Mwagona mumtendere, anthu akubwera ndi makasu, akukudzutsani, akukukwezani ndege, akukuimikani pakhonde la eni ku Dubai. Osakufunsani n'komwe dzina. Inuyo mungasangalale?"

"Ine nikagona na golide yambiri so, ningayembekezele alendo," anatero Kapambwe. "Ba Taibu, tichoseko chabe kahachi kamozi pa chisote, tikagulise. Eve alibe menso, sazaona."

"Astaghafirullah! Mukufuna mufe?"

"Naseka chabe, mudala. Koma golide yamene ija ni yopepuka maningi. Nenze nanyamula na kwanja kumozi."

"Zinthu za akufa zimapepuka," anayankha Taibu, ndipo anayankha ndi nkhope yoti Kapambwe sanafunsenso.

Apa m'pamene Taibu anafotokoza maganizo ake, ndipo kunena zoona anali oyalidwa bwino, kungoti anayalidwa pa mchenga. Munthu uja akapitiriza kuima pakhonde, bwana afa. Bwana akafa, chikondwerero palibe. Ndipo bwana wakufa sapereka tchuthi. Koma munthuyo akabwezedwa m'nthaka mwaulemu, mkwiyo utha, bwana achira, ndipo akachira amvetsa okha kuti dalaivala wawo wawapulumutsa. Adzakalipa pang'ono, inde, koma munthu wamoyo ukhoza kum'pepesa.

"Manje mufuna timushike? Muno mu gadeni yanga?"

"Apo pakona, pamene kapinga anakana kumera."

Kapambwe anayang'ana pakonapo, anayang'ana pakhonde, kenako anayang'ana mphaka. Mayi ake anali a ku Chipata, ndipo mwambo wa kumanda ankaudziwa, makamaka mbali imene imakomera wokumba.

"Ngati ine ndine mudzukulu, nkuku ni yanga. Osati ya mu firiji. Yowocha, yonse, na chipisi."

"Inshallah."

"Awe, inshallah yanu niiziba. Kambani kuti inde."

Taibu anati inde.

Kutacha Kapambwe anabwera ndi nsalu yoyera ya sanda kuchokera kwa telala wa ku Satwa. Telalayo atafunsa muyeso, Kapambwe anamuuza kuti ndi wa munthu mmodzi ndi chipewa chake, ndipo telala, poti ku Satwa anamva zambiri, anangodula osafunsanso. Dzuwa la Disembala linali lofatsa. Anayamba kukumba atamwa tiyi. Taibu anatsegula foni kuti aone mbali ya Kibula, kumene Asilamu amayang'ana popemphera ndi poika maliro, n'kulemba mzere pansi ndi chala chakuphazi.

"Kansi enze Musilamu?" anafunsa Kapambwe. "Ba bosi anakamba zaka tu sauzande. Nthawi ija na Chisilamu kunalibe."

"Zimenezo akudziwa ndi Allah. Ife tingomuika bwino."

Atatero anazimitsa foni, chifukwa kumanda foni siyenera kulira.

Dothi la ku Dubai ndi mchenga wovala kapinga pamwamba, ndipo limakumbika msanga koma silimva malangizo. Taibu ankafuna kachipinda kam'mbali kogonekamo thupi, monga amachitira kwawo, koma akakumba, mchenga unkagumuka n'kukwirira mapazi a Kapambwe. Pomaliza anagwirizana zotchinga ndi matabwa a bokosi lomwe lija. Kenako anayeza n'kupeza kuti dzenje lafupika. Munthuyo anali wamfupi ndithu, koma chipewa chinali chitatalikitsa nkhani.

"Timuvule chisote," anatero Kapambwe, thukuta lili kamukamu.

"Anam'vula kale mtendere. Chipewa chokha musiyeni nacho."

Anawonjezera dzenjelo mpaka linafika pa maluwa ofiira amene Kapambwe ankawakonda kwambiri, ndipo iye anawazula akung'ung'udza kuti nkhuku imodzi yachepa. Atatha anapita pakhonde, anam'goneka Munthu wa Golide, anam'kulunga m'sanda bwinobwino n'kumanga kumutu, pakati ndi kumiyendo. Atam'nyamula paphewa, mmodzi kutsogolo wina kumbuyo, panalibe amene akanakayika kuti awa ndi maliro.

Tsono munthu wa m'kwarantini alibe ntchito ina koma kuyang'ana pawindo. Bwana Yerlan anadzuka mochedwa, anakoka katani, ndipo anaona dalaivala wawo ndi wamaluwa akuyenda pang'onopang'ono ndi mtolo woyera, nsonga ya chipewa ikutukula nsalu kutsogolo. Anayang'ana pakhonde, panali mbee. Anayang'ana pakona, panali dzenje. Anatsegula pakamwa kuti akuwe, koma panatuluka kamphepo chabe. Anaimba foni ya Taibu, inali yozimitsa. Ndiye anayamba kumenya galasi ndi zikhatho zonse ziwiri, akudumphadumpha, bulangete likugwa.

Taibu anakweza maso n'kuwaona.

"Taonani, achimwene. Dzulo amalephera kuima, lero akudumpha. Sitinamuike n'komwe, mankhwala ayamba kale kugwira."

Anaika dzanja pachifuwa n'kuwerama pang'ono kuloza kuwindo, kusonyeza kuti palibe chifukwa chothokozera.

M'chipinda chinacho munali mayi Aigul. Chiyambire m'mawa anali akulembera amuna awo mauthenga pafoni osayankhidwa, poti bwana anali m'tulo. Chifuwa chija chimene chinkamveka kudutsa khoma chinali chitaleka. Ndipo masiku amenewo aliyense anali atamvapo za anthu oikidwa mwachangu, abale osaloledwa kuyandikira. Mayiwo atasuzumira pawindo anaona antchito awiri, nkhope zili zakugwa, akutsitsira m'dzenje thupi lokulungidwa m'sanda. Za kutalika kwa mutu sanaziganizire. Anatsegula windo n'kulira mokweza, kulira kwenikweni kochokera m'mimba, akuitana dzina la amuna awo.

Bwana atamva kulirako kuseri kwa khoma anagwedeza mutu mokhutira pakati pa mkwiyo wawo. Anadziwa kuti anakwatira mkazi wokonda dziko lake. Anavala masiki ndi masilipasi n'kutuluka, ndipo pakhomo la chipinda anakumana maso ndi maso ndi mkazi amene ankawalira. Zimene zinachitika pamenepo sitinazione, koma bwana anatsika masitepe atagwira tsaya.

Kunjaku Kapambwe anali atatuluka m'dzenje, matabwa atayalidwa.

"Mwamvela? Ba madamu balila. Manje yankhala malilo yazoona."

Taibu anagwada m'mphepete mwa dzenje n'kutapa dothi ndi manja awiri, monga amachitira wachibale asanayambe okwirira. Anaponya koyamba, dothi linagwa pamatabwa n'kumveka phu. Phokoso limenelo ndi limene foni inam'mana mu Januwale. Kulira kwa mayi Aigul kunali kukadali m'makutu mwake, ndipo ngakhale mawu ake anali a chilankhulo china, kanyimbo kake kanali komwe kaja ka azakhali ake a ku Ntaja. Anaponya kachiwiri. Kachitatu dothi silinachoke m'manja.

"Baba," anatero. "Baba, ndafika mochedwa."

Ndipo analira. Analira ngati mwana, mamina ndi misozi zikulowa m'masiki, mapewa akugwedezeka. Zinali zomvetsa chisoni, ndipo Kapambwe, amene anali atakonzeka kukumbutsa za nkhuku, anavula kapu yake n'kuyang'ana kumbali.

Bwana, amene anatulukira pakhomo lakuseri Taibu akuyamba kuponya dothi, mayi ali pambuyo, anaima patali ndithu chifukwa ngakhale mkwiyo unkayenera kusunga malamulo a mliri. Kukalipa kopanda mawu n'kovuta, koma anayesetsa. Zinkatuluka ngati mpweya wa tayala.

"Wamisala iwe! Ndi mkuwa umenewo! Pulasitiki! Chidole! Weniweni ali kwathu, m'nyumba yosungira zakale! Ndakusiyira nkhope ya dziko langa, iwe waikwirira m'munda mwanga ngati mphaka wakufa? Khalas, basi! Tchuthi palibe, tikiti palibe, ntchito yatha!"

Kapambwe anasuzumira m'dzenje. "Pulasitiki? Nenze nakamba ine kuti ni yopepuka."

Koma Taibu sanamve chilichonse. Anali chigwadire, dothi lili m'manja, akulankhula ndi bambo ake m'Chiyao, kuwauza kuti ndege zinali zotseka, kuti foni inaima, kuti sanachite dala. Bwana anadikira kuti dalaivala adzuke apepese, koma dalaivala sanadzuke. Anatembenukira kwa Kapambwe n'kufunsa ndi manja kuti chikuchitika n'chiyani.

Kapambwe anakanda m'mutu n'kuyankha m'Chingerezi chake cha ku Lusaka. "Bwana, iyeyu amaopa kuti mufa, chifukwa kwathu zinthu za kumanda sizilowa m'nyumba. Ndiye timati tim'bweze munthuyu kuti inu muchire. Koma apa sakulira chidole chanu ayi. Akuika bambo ake. Kumaliro kuja sanaponyeko dothi."

Mayi Aigul, maso akadali otupa chifukwa cholira munthu wamoyo, analankhula ndi amuna awo m'chilankhulo chawo, mawu ochepa, motsitsa. Nkhani imene mayiwo ankawakumbutsa Taibu ankaidziwa, poti ndi iye anawayendetsa tsiku limenelo: mayi awo a bwana anamwalira chaka cham'mbuyo, mliri utafika pachimake kwawoko, ndipo bwana anakafika mpaka pabwalo la ndege n'kubwerera. Kuchokera tsiku limenelo sanawatchulenso mayi awo. M'malo mwake ankatchula dziko lawo, m'mawa, masana ndi madzulo. Kwawonso, mwana amene sanaponye dothi pamanda a kholo lake amayenda ndi kanthu pamtima.

Bwana anakweza dzanja kuuza Kapambwe kuti asunthe. Kapambwe anam'dzutsa Taibu n'kupita naye cha kumpanda. Bwana anayenda ndi masilipasi awo mpaka padzenje, anayang'anamo nthawi yaitali, kenako anagwada movutikira. Anatapa mchenga wa m'munda mwawo momwe, anatchula mawu amodzi amene sanafunike womasulira, n'kuponya. Mayi anabwera kudzagwada pambali pawo. Kwa kanthawi pakhomo ponse panali anthu atatu akulira chidole cha pulasitiki, ndi wachinayi akuyang'ana maluwa ake ozulidwa, nayenso maso atayamba kunyowa.

Bwana atadzuka anapukuta mawondo. Mkwiyo anaufunafuna koma sanaupeze wonse.

"Ndiwe chitsiru, Taibu," ananong'ona.

"Inde, bwana."

"Chikondwerero chisanafike um'fukule, um'pukute, aime pakhonde."

Taibu anapukuta nkhope ndi mkono. Ankadziwa bwino kuti kukana kukhoza kumutayitsa tikiti ndi ntchito yomwe. "Bwana, galimoto ndiyendetsa kulikonse mungandituma. Koma pamene mwaponyapo dothi inuyo ndi ine, ine sindingakumbepo. Pulasitiki kapena ayi."

Bwana anayang'ana Kapambwe.

"Ine ndine wokumba poika, bwana," anatero Kapambwe msangamsanga. "Zofukula ndi dipatimenti ina."

Bwana anayang'ananso dzenje lija. Kenako analoza fosholo, analoza mulu wa mchenga, n'kukweza dzanja m'mwamba kusonyeza kutalika. Kapambwe sanamvetse mpaka mayi atamasulira.

"Akuti mukwirire, koma osati mosalaza. Muunjike, pakhale kaphiri. Kwathu timatero."

Anaunjika. Mchenga wa m'dzenje utatha bwana anaitanitsa wina pa lole, ndipo pofika tsiku la chikondwerero, iwo atachira ndipo mawu atabwerera onse mwatsoka, pakona ya munda panali kaphiri kofika m'chiuno. Taibu mpaka lero amati bwana anachira chifukwa cha maliro aja. Bwana amati anachira chifukwa cha msuzi wa nyama ya hatchi. Pampu anakonza ndi mmisiri, ndipo mphaka anabwerera pakhonde tsiku lomwe chidole chinachokapo, zimene aliyense amazitanthauzira mokomera mbali yake.

Alendo anabwera atavala bwino, mafoni ali m'manja, poti anali atalonjezedwa kujambulitsa ndi Munthu wa Golide. Bwana anawatsogolera kuseri n'kuwaonetsa mulu wa mchenga. Anthu anayang'anana pamwamba pa masiki awo. Bwana anafotokoza zonse, osabisa ngakhale za tsaya lawo, ndipo anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Kuseka kutatha, bambo wina wachikulire anapereka mbale yake kwa mkazi wake, anapita pamulu wa mchenga wotsala, anatapa n'kukaponya pakaphiri paja. Anabwera mtsikana wogwira ntchito mu hotela, kenako anyamata awiri apachibale. Panapangika mzere, aliyense atatalikirana ndi mnzake, ndipo nyama inazizira patebulo. Zaka ziwiri zimenezo pafupifupi aliyense pabwalopo anali ataonera maliro pafoni.

Kapambwe anadya nkhuku yake kuseri kwa galaja, yonse, ndi tchipisi, akudandaula kuti kaphiriko katchinga dzuwa la maluwa.

Alendo akubalalika, bwana anam'peza Taibu akutsegulira anthu geti. Anaima pambali pake kwa kanthawi osanena za dziko lawo, chimene chinali chachilendo.

"Januwale," anatero. "Ndege ikangopezeka, upite. Mwezi wathunthu."

"Shukran, bwana. Zikomo kwambiri."

"Kwanu mumaponya kangati?"

"Katatu, bwana."

"Paja tsiku lija unaponya kawiri."

Taibu anadabwa kuti bwana anaona zimenezo ali pakati pokalipa. Analowetsa dzanja m'thumba la malaya n'kutulutsa kansalu koyera, kotsala pa sanda ija, komangidwa mfundo. Munali mchenga wa ku Dubai wodzaza dzanja limodzi.

"Dothi lachitatulo ndi ili, bwana. Ndikukaponya kwa eni ake."